Maola 20 pa mlungu, lendi, ndi foni zochokera kumudzi: tikukhala bwanji ophunzira kuno ku Scotland?

Naphiri: Moni nonse. Ndine mlendo pagulu pano, andilowetsa ndi achemwali amene timapemphera limodzi. Ndikuchita masters ya zaumoyo kuno ku Glasgow, ndinabwera mu Seputembala. Fizi andilipirira, koma lendi ndi chakudya ndi zanga. Ndapeza ganyu yosamalira okalamba, maola 20 pa mlungu monga visa imanenera. Vuto langa ndi ili: ndalama ikangolowa, lendi yatenga, basi yatenga, chakudya chatenga, ndiye kumudzi nako akudikira. Mayi akufuna feteleza mvula isanakhazikike. Mlongo wanga ali Fomu 3, fizi yake ikufunika mu Januwale. Kuntchito wina wandinong'oneza kuti alipo malo amene amalipira pamanja, osalemba paliponse. Inu amene munatsogola, munkatha bwanji? Ndiuzeni zoona zokhazokha.

aMbewe a ku Paisley: Takulandirani achemwali. Ndiyambe ndi ya pamanjayo chifukwa ndiye yoopsa. Musayerekeze. Maola 20 amenewa ali ndi kawerengedwe kake: mlungu umayamba Lolemba n'kutha Lamulungu, ndipo simungagwire 30 mlungu uno n'kumati wamawa ndigwira 10 kuti zifanane. Mlungu uliwonse umaima pawokha. Mukakhala ndi maganyu awiri amaphatikiza. Akakupezani, visa amatha kuifafaniza, sukulu imathera pomwepo, ndipo dzina lanu limakhala ndi banga pa visa ina iliyonse imene mungadzafune. China chimene ambiri sadziwa n'chakuti visa ya wophunzira siyilola kudzilemba ntchito wekha. Zija zoperekera anthu chakudya panjinga kudzera pa app, ambiri amene amachita zimenezo amawerengedwa ngati odzilemba okha ntchito. Kuluka anthu tsitsi m'chipinda mwanu n'kumalandira ndalama ndi chimodzimodzi.

Wa pa Ndirande: aMbewe, malamulowo mwanena bwino, koma tiyeni tiwerengere mtsikanayu kuti tione pamene waima. Malipiro otsikitsitsa a munthu wa zaka 21 kupita mtsogolo anafika pa £12.21 pa ola mu Epulo 2025. Maola 20 ndi £244, milungu inayi ndi £976. Ine chipinda chimodzi chokha, bafa ndi khitchini tikugawana anthu asanu, ndimalipira £600. Chotsaninso tikiti ya basi, foni, chakudya. Chotsala n'chiyani? Sindikuti apite ku ya pamanjayo ayi. Ndikungoti amene amagwa mu zimenezi si anthu opusa kapena adyera. Ndi anthu amene foni yawo siyipuma.

aMbewe a ku Paisley: Sindinati ndi opusa achimwene. Koma amene amalipira pamanjawo akudziwa kuti simungakadandaule kulikonse. Tsiku lina adzakuuzani kuti ndalama palibe, mudzapita kwa ndani?

Nachisale: Achemwali Naphiri, ine ndinamaliza sukulu, pano ndikugwira ntchito ku Edinburgh. Njira yovomerezeka yopezera ndalama yowonjezera ilipo, ndiyo tchuthi. Pa tchuthi cha Khirisimasi mumaloledwa kugwira ntchito maola onse, ndipo nyumba za okalamba zimasowa anthu nthawi imeneyo chifukwa eni dziko amafuna kukhala ndi mabanja awo. Uzani bwana wanu panopa kuti akuikeni pa ndandanda. Koma tengani kalata ya masiku a teremu kuyunivesite kwanu, bwanayo aione, chifukwa masiku a tchuthi amasiyana malinga ndi kosi. Chenjeraninso ndi miyezi ya Juni mpaka Ogasiti. Anzanu a digiri yoyamba adzakhala ali pa tchuthi, koma inu a masters mudzakhala mukulemba dissertation, kafukufuku wamkulu womalizira kosi, ndipo nthawi imeneyo mayunivesite ambiri amaiwerenga ngati teremu. Maola ndi 20 omwewo. Ambiri amapunthwa pamenepa.

Koma ine ndikuona kuti nkhani yaikulu si maola. Nkhani ndi yakuti kwanu akudziwa chiyani za moyo wanu kuno? Mayi anu munawauzapo kuti lendi ndi zingati?

Naphiri: Ayi sindinawauze. Ndimaopa kuwadetsa nkhawa. Akafunsa ndimangoti zonse zili bwino.

Nachisale: Ndiye pamenepo. Ine mayi anga ndinawaimbira, ndinawawerengera chilichonse mu makwacha: chipinda, basi, buledi, mafuta ophikira, sopo. Ndinawauzanso kuti visa yanga inalembedwa kuti sindiloledwa kulandira thandizo la boma, ndiye ndikalephera lendi palibe wondigwira dzanja. Anakhala chete, kenako anati, "Ndiye umadya chiyani mwanawe?" Kuyambira tsiku limenelo tinagwirizana ndalama imodzi pamwezi, yochepa koma yosadumpha, ndipo imapita kwa munthu mmodzi. Msuweni akandiimbira, ndimamuuza kuti akalankhule ndi mayi. Mayi ndi amene anakhala mpanda wanga. Akanapanda kudziwa zoona, sakanatha kunditchinjiriza.

aGama: Ine apa ndiye ndikusiyana nanu pang'ono. Ena a ife kuti tifike kuno, makolo anagulitsa ng'ombe, ena anakongola kubanki m'khonde kuti tikiti ya ndege ipezeke. Ndalama ya inshuwalansi ya zaumoyo ija timalipira pofunsira visa, £776 pa chaka, inachokera m'matumba a abale. Kuyezetsa TB, visa yeniyeniyo, zonsezo. Lero tikafika kuno n'kuyamba kuwaikira malire, zikumveka bwanji? Feteleza si zinthu zosangalatsira. Akapanda kuthira chaka chino, njala ya chaka chamawa idzafikanso pa foni yanu yomweyo, yokulirapo.

Nachisale: aGama, sindikuti asatumize. Ndikuti atumize zimene angathe, ndipo kwawo adziwe chifukwa chake. Ng'ombe ija anagulitsira digiri. Mtsikanayu akalephera mayeso chifukwa chogwira ntchito usiku uliwonse, kapena akamubweza pa ndege, ng'ombeyo yapita pachabe.

aGama: Pamenepo ndavomera. Koma mawu akuti "malire" ndimawaopa. Ndaona anthu akuyamba ndi malire, n'kumaliza osayankha foni ngakhale pa maliro.

Nangozo (ndili ku Lilongwe): Ana anga, loleni ndilankhule monga kholo. Mwana wanga akuphunzira ku Aberdeen, ndiye anandilowetsa pano kuti ndizimva. Ife kuno sitidziwa. Chimene timaona ndi zithunzi zanu, mutavala majekete okongola, kumbuyo kuli nyumba zazitali zamiyala. Ndiye chichitikireni zija za Novembala 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti, munthu akamva kuti mwana wako amalandira mapaundi, amangochulukitsa m'mutu n'kuona kuti ndiwe wolemera. Sachotsera lendi. Ngakhale ine sindinkachotsera. Kutchalitchi ukaima, anthu amayembekeza kuti chopereka chako chikhale chosiyana ndi cha ena. Ndiye enafe timakupanikizani chifukwa nafenso tikupanikizidwa. Mwana wanga Naphiri, auze amako. Kholo limapirira choonadi. Chimene chimapweteka ndi kumva mochedwa kuti mwana wako ankagona ndi njala kuti iwe ugule feteleza.

Naphiri: Zikomo kwambiri mayi. Mawu anuwa andikhudza.

Amalume (woyang'anira gulu): Mayi Nangozo, zikomo. Tiyeni tsopano timuthandize mwanayu kuchepetsa zotuluka, chifukwa pamenepo mpamene pali ndalama imene angaipeze mawa lomwe. Naphiri, msonkho wa khonsolo sukukukhudza. Ophunzira a nthawi zonse salipira council tax, koma uyenera kutumiza umboni wa kuyunivesite ku khonsolo. Kalata ikabwera usangoiponya, ukayankhe. Ndipo dipoziti imene unapereka kwa mwini nyumba, kuno ku Scotland lamulo limati aisungitse ku bungwe lovomerezeka losunga madipoziti, osati m'thumba mwake. Ngati sanakupatse chikalata chosonyeza kumene anaisungitsa, um'funse.

Nabanda: Za chakudya ndisiyireni ine. Achemwali, mukugula kuti? Ngati mukugula m'timasitolo tating'ono tapafupi ndi yunivesite, mukutaya ndalama. Pitani kumasitolo otsika mtengo a Aldi kapena Lidl kamodzi pa mlungu ndi chikwama chanu. Madzulo masitolo ambiri amamata timapepala tachikasu pa zinthu zimene zatsala pang'ono kutha masiku, nyama imatsika mtengo kwambiri, mumangokaika mufiriji youmitsa. Mpunga, nyemba, anyezi, mafuta ndi zokometsera, gulani m'masitolo a amwenye kapena a anzathu a ku West Africa, thumba lalikulu, mugawane ndi mnzanu. Ufa umapezeka, wa Iwisa wochokera ku South Africa uja. Si woyera wa kwathu wokonola n'kuviika, koma nsima imatheka, bola muutakase mokwanira. Ndiwo zamasamba zimene pa Chingerezi amati "kale" ndi "spring greens" zimalowa m'malo mwa repu. Thiranimo supuni ya chiponde chopanda shuga ngati nsinjiro palibe, mudzandiuza. Ine ndimaphika Lamulungu mphika waukulu wa nyemba ndi wina wa nkhuku, n'kugawa m'timakontena. Kusukulu ndimanyamula, ma microwave alipo. Sangweji ndi khofi wogula tsiku lililonse ndi zimene zimadya ndalama mwakachetechete.

Wa pa Ndirande: Mthiko ndiye ndinachita kunyamula kuchokera kwathu. Supuni zamatabwa za kuno zimathyoka nsima ikalimba.

Nabanda: Zoona! Ndipo wina akamabwera kuchokera ku Lilongwe kapena Chileka, mum'pemphe usipa kapena matemba. Nsomba zouma amalola kulowa nazo, mpaka makilogalamu 20 munthu mmodzi. Koma nyama ndi za mkaka ayi, amalanda pabwalo la ndege. Musam'pachike mnzanu ndi nyama yofutsa.

aZimba (Wuhan): Moni a ku Scotland, ine ndimangowerenga mwakachetechete kuchokera ku China. Inu bola muli ndi maola 20. Kuno timadalira ndalama ya sikolashipu basi, kugwira ganyu popanda chilolezo ndi mlandu. Koma foni za kumudzi ndi zomwezo ndithu. Zimene anena mayi Nangozo zija ndazitumiza kwa mkulu wanga kuti awerenge.

Naphiri: Pali china chimene sindinachinene poyamba, mwina ndiye chikundilemera kuposa ndalama. Chibwezereni mawotchi m'mbuyo ndi ola limodzi kumapeto kwa Okutobala, ndikumangomva kutopa. Ndimatuluka m'nyumba kuli mdima, ndimachoka m'kalasi kuli mdima. Loweruka ndikapanda kupita kuntchito ndimangogona, ngakhale kusamba ndimachita kudzikakamiza. Amene ndimakhala nawo ndi anthu abwino koma aliyense amadya m'chipinda mwake chitseko chili chotseka. Tsiku limatha osalankhula ndi munthu. Kodi ndi ine ndekha?

Nachisale: Si inu nokha achemwali, ndipo mwachita bwino kunena. Kukubweraku mdima uwonjezeka. Chakumapeto kwa Disembala ku Glasgow dzuwa limatuluka cha m'ma 8:45 m'mawa n'kulowa cha m'ma 3:45 masana, ndipo masiku ambiri silioneka n'komwe chifukwa cha mitambo. Thupi limene linakulira ku Kasungu silingangozolowera zimenezi mwezi umodzi. Chitani izi. Choyamba, gulani vitamini D, ngotsika mtengo m'sitolo iliyonse yamankhwala. A zaumoyo kuno amalangiza mamaikilogalamu 10 patsiku kuyambira Okutobala mpaka Malichi, ndipo ife a khungu lakuda amati tizimwa chaka chonse. Chachiwiri, tulukani panja masana ngakhale kukuwaza, muyende mu Kelvingrove Park kapena m'mbali mwa mtsinje wa Kelvin pakati pa makalasi. Chachitatu, kodi munalembetsa kwa GP, dokotala wa m'dera lanu?

Naphiri: Ayi. Ndimaganiza kuti umapita ukadwala.

Nachisale: Lembetsani mlungu uno, musadikire kudwala. Munalipira kale kudzera mu £776 ija anatchula aGama. Kuonana ndi dokotala n'kwaulere, ndipo kuno ku Scotland mankhwala amene dokotala wakulemberani ndi aulere, mosiyana ndi ku England. Mukamuuze za kutopako ndi kusafuna kudzukako, musabise poganiza kuti ndi ulesi. Kuyunivesite kulinso alangizi amene mumatha kulankhula nawo mwachinsinsi osalipira. Usiku kapena kumapeto kwa mlungu mukadwala, imbani 111, nambala ya achipatala. Ndipo ili ndi la tonse pagulu pano: mukapita kutchuthi kumudzi n'kubwerako thupi likutentha, uzani dokotala msanga kuti mwachokera ku Malawi ndipo akuyezeni malungo. Kuno sayamba aganiza za malungo pokhapokha muwauze kumene munali.

aGama: Pa kusungulumwako ine chinandithandiza ndi tchalitchi. Ife a CCAP, Church of Scotland ndi kwathu, ubale wake ngwakale kuyambira nthawi ya mishoni ya Blantyre. Nyimbo zambiri ndi zomwe zili m'buku lathu, mawu okha ndi amene asintha. Mukangoti ndine wa ku Malawi, mupeza gogo wina amene anakaphunzitsapo kapena kugwira ntchito m'chipatala kwathu, kapena mpingo wawo uli pa ubale ndi mpingo wina wa kumudzi. Akatha mapemphero amamwa tiyi, musathawe, khalani. Jekete yanga yachisanu ndinapatsidwa kumeneko.

Amalume (woyang'anira gulu): aGama akunena zoona. Dziko lino ndi Malawi anayamba kalekale kudziwana. Kwerani sitima pa Glasgow Central, pasanathe theka la ola mufika ku Blantyre wa kuno, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813. Nyumba imene anabadwiramo ilipo, anaisandutsa malo osungirako mbiri. Ngwazi Kamuzu Banda naye anaphunzira za udokotala ku Edinburgh, anamaliza mu 1941, chisanu chimenechi anachilawa. Mu 2005 boma la Scotland ndi la Malawi anasainirana mgwirizano, nthawi ya a Bingu wa Mutharika ndi a Jack McConnell, amene anali nduna yaikulu ya Scotland. Lilipo bungwe la Scotland Malawi Partnership ku Edinburgh, limakonza misonkhano imene mumakumanako ndi Amalawi komanso eni dziko okonda kwathu. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti zitseko zilipo. Koma kuno munthu sabwera kudzagogoda pakhomo pako kuti "odi, mwadzuka bwanji?" Umayenera kutuluka ndiwe.

Wa pa Ndirande: Ine chinandivuta poyamba ndi Chingerezi cha ku Glasgow. Woyendetsa basi ankalankhula ine osamva kanthu, chikhalirecho Chingerezi ndinakhoza bwino pa MSCE. Achemwali musachite manyazi kupempha munthu kuti abwereze. Okalamba amene mukuwasamalirawo ndi aphunzitsi abwino, amakonda kucheza, khutu lizolowera.

Nabanda: Jekete musagule yatsopano. Pitani m'ma charity shop, pa Byres Road ndi Dumbarton Road alipo ambiri. Ndi kaunjika ndithu koma wopachika bwino. Pezani yosalowa madzi yokhala ndi chipewa, ambulera ku Glasgow mphepo imangoithyola.

aMbewe a ku Paisley: Ndi khadi ya sitima ija ya 16-25 Railcard, musaone dzinalo n'kuganiza kuti mwakula. Wophunzira wa nthawi zonse amaloledwa kuitenga ngakhale atapyola zaka 25, yunivesite imangotsimikizira. Imachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa tikiti. Amene sanafike zaka 22 ndiye basi amakwera ulere m'Scotland monse akatenga khadi yake, auzeni ang'ono athu a digiri yoyamba.

Nachisale: Nditchulenso za sukulu yeniyeniyo, popeza ndiyo tinabwerera. Masters ya kuno ndi chaka chimodzi, imathamanga. Maola a m'kalasi ngochepa, ndiye munthu umadzinamiza kuti nthawi ilipo, umadzaza ndi mashifiti, kenako ma assignment onse amafika mlungu umodzi mu Disembala. Nthawi imeneyo mpamene anthu amakopera ndime za ena osatchula mwini, pulogalamu ya pakompyuta yofufuza zokopera yotchedwa Turnitin n'kuwagwira, nkhani n'kufika ku komiti. Mukaona kuti simukwanitsa, lemberani aphunzitsi tsiku lisanafike, mupemphe masiku owonjezera. Kwathu tinazolowera kuopa alekichala. Kuno amafuna uwapeze ku ofesi, uwafunse, ngakhale kutsutsana nawo m'kalasi amakondwera nazo. Ine kuwatchula dzina lawo loyamba kunkandilemera pakamwa, koma ndi mmene amafunira.

aGama: Ine mpaka lero ndimati Dokotala. Pakamwa panga pamakana.

Nangozo (ndili ku Lilongwe): Pitirizani kutero bambo, ulemu sulipiritsa. Koma ana inu muziimba foni ngakhale mulibe chotumiza. Enanu mukasowa ndalama mumasiya kuimba chifukwa cha manyazi, ife kuno n'kumaganiza kuti mwadwala kapena mwatitaya. Panopa tikusiyana maola awiri, mukamachoka m'kalasi 5 koloko kuno imakhala 7, tadya kale, tikungocheza pakhonde. Imbani nthawi imeneyo.

Naphiri: Ndabweranso. Dzulo ndinawaimbira mayi, ndinachita monga ananenera achemwali Nachisale, ndinawawerengera zonse. Analira pang'ono, nanenso ndinalira. Agwirizana ndi amalume kuti iwo agula thumba limodzi la feteleza, ine limodzi, kwinako athira manyowa. Fizi ya mlongo wanga ndilipira ndi ndalama ya mashifiti a Khirisimasi, bwana wavomera kundiika pa ndandanda akaona kalata ya masiku a teremu. Uja wa ntchito ya pamanja ndamukana. Kwa GP ndadzaza fomu pa intaneti. aGama, Lamulungu ndikhalira tiyi.

aGama: Mwachita bwino achemwali. Potumiza ndalama ya fetelezayo muyambe mwafananitsa mitengo pa ma app angapo tsiku lomwelo, amasiyana. Kutumiza molunjika pa Airtel Money kapena Mpamba ya mayi kumawapulumutsa ulendo wa kuboma. Ndipo agule msanga, mtengo ukangomva mvula umakwera.

Nabanda: Loweruka ndikuphika nsima ndi usipa kwanga ku Govan, mchemwali wina wabwera nawo sabata yatha. Naphiri bwerani, kwerani subway, sitima yapansi pa nthaka, mutsikire pa Govan, ndikutumizirani kunseri malo ake. Wa pa Ndirande bwerani ndi mthiko wanu, anthu tichuluka.

Naphiri: Ndibwera ndithu. aMbewe, kalata ya masiku a teremu ija ndikaitenge ku ofesi iti?

aMbewe a ku Paisley: Yambirani ku ofesi yothandiza ophunzira ochokera kunja, ndi amene amadziwa za visa. Auzeni kuti mukufuna umboni wa masiku a tchuthi a kosi yanu kuti mukapereke kuntchito. Ena amaitumiza pa imelo, ena amakulozerani tsamba la yunivesite loti bwana wanu asindikize. Pemphani mlungu uno, chifukwa Disembala akayandikira mzere umatalika. Musunge kope lanu pamodzi ndi ma payslip onse, mudzawafuna pofunsira visa ina.